Mapiko Pakhomo la Nkhuyu

Felesiya, gwira bwino cholemberacho, ndipo usandikonzere mawu. Ine sukulu ndinangoiona denga podutsa, choncho zaka zanga ndimaziwerenga ndi mimba, maliro ndi mvula. Za ubwana wanga ku Phalombe tizisiye, munazimva mpaka kutopa. Ndikufuna ulembe za ntchito, chifukwa ndamva kuti iwe ndi alongo ako mwayamba kunong'onezana zoti ndikadzatsinzina mudzanditengere kwathu, kumanda a amayi anga. Imvani kaye izi, mukatero mukanong'onezane bwino.

Chaka chimene tinakwera lole, iwe uli kumsana

Ntchito yanga yoyamba inali ya utenanti, pa esiteti ina ya mbali za ku Wimbe, ngakhale kuti dzina lodziwika kwa bwana linali la bambo anu. Tinabwera pa lole yodzaza anthu, mapoto ndi nkhuku zomanga miyendo. Nditatsika ndinaponya maso uku ndi uku kufuna phiri loti ndiwatsamiritsepo, koma ayi ndithu, dziko lonse linali chigonere ngati mphasa, thambo likutsika mpaka pansi mbali zonse. Kwathu phiri la Michesi limakuyang'anira kuyambira pobadwa. Kuno ndinkayenda ngati munthu woiwala kufunda mpango. Ndinaphunzira kuthirira nazale, kuwokera, kudula maluwa, kuthyola, kusoka ndi kupachika m'chigafa, manja ali bii ndi utomoni wa fodya umene sumva sopo. Phoso likachedwa tinkagonera maungu ndi chisoso. Koma mwa ntchito zonsezo, imene ndinkaikonda inali yosunga mbewu. Kapitawo ankasankha fodya wonenepa, osamudula maluwa, ife n'kumamuveka timatumba kumutu kuti njuchi ndi tizilombo tina zisasakanize mtundu. Fodya amadzikwanira yekha m'thumbamo, njere zimadzaza popanda mlendo aliyense. Ukayang'ana m'munda dzuwa litapendeka, ankaoneka ngati amayi a mvano ataimirira ndi maduku awo oyera, akudikira nyimbo. Timatumba timeneti mutisunge m'mutu, tibweranso.

Chaka chimene bambo anu anatisiya

Tinali titasamukira ku esiteti ina ya ku Chulu, alongo ako Yohane ndi Matiyasi atabadwa kale, pamene chifuwa chinawatenga bambo anu. Inali nthawi yothyola, mvumbi uli pakati. Anagona kumanda a alendo kuseri kwa zigafa, kumene Alomwe, Ayao, Asena ndi Atumbuka amagona moyandikana popanda wofunsa mnzake kumene anachokera. Lamulo la pa esiteti ndi lodziwika: nyumba ndi ya wogwira ntchito. Mwini dzina akapita, mkazi amamaliza fodya wa chaka chimenecho n'kudikira lole yobwezera matenanti kwawo. Koma iwe Felesiya unali utakakamira sukulu ngati nkhupakupa, aphunzitsi ako akuti mutu uwu musautaye. Kwathu sukulu inali kutsidya kwa mtsinje umene umadzaza mvula ikangoyamba. Ndinkadziwa kuti ukakwera lole ija ukatsikira m'munda wa nandolo, n'kuthera momwemo.

Kapitawo wathu anali a Gondwe, munthu wa kumpoto kwa boma lino, wamtali ngati mlongoti, wolankhula Chichewa chothira mchere wa Chitumbuka. Anandipeza ndikusoka fodya pamthunzi wa chigafa, n'kukhala pa chitsa.

"Phepani, amama," anatero. "Bwana akufuna munthu wa nazale ya mitengo. Kamtsinje kathu kakuuma, damu likuphwa chaka chisanathe. Akuti tibzale mikuyu m'mbali mwa madzi, chifukwa bulugamu amamwa ngati chidakwa, pomwe mkuyu umasunga."

"Nanga osazika nthambi bwanji? Mkuyu umaphuka ndi nthambi."

"Tinazika, chiswe chinachita phwando. Komanso mtengo watsala umodzi wokha, tikapitiriza kuudula tiupha. Akufuna ya njere, yambiri. Ikamera, nazale ikhala, nyumba ikhala yanu, mwana apitiriza sukulu. Ikakana, yayi, ine pakamwa panga pathera pomwepo."

Ndinalowa ntchito choncho. Nazale yake inali dzina chabe: kheni yothirira imodzi yodontha, wilibala yopanda tayala, machubu obzalamo mbande kulibe, moti ndinkatola mapepala a shuga kuseri kwa kantini n'kumawatsuka.

Miyezi ya timatumba

Mkuyu wotsalawo unali kudambo, wokhawokha, thunthu lake lachikasu ngati lopakidwa ufa. Nkhuyu sizibereka kunsonga ngati mango. Zimatuluka pathupi penipeni pa mtengo, m'magulumagulu, ngati ana okakamira chitenje cha mayi. Tsiku loyamba tinatola zogwa pansi, a Gondwe n'kung'amba imodzi ndi chala chachikulu. M'kati munali piringupiringu, tizilombo tating'ono kuposa nsabwe ya nkhuku yokhuta.

"Mwaona? Akuluakulu sananame: chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Mbewu yodyedwa chonchi singamere. Koma ife ndife anthu a fodya, amama, tikudziwa chochita."

Ndinavomera ndi mtima wonse, pakuti nzeru yomweyo inali itandifikira kale ineyo asanatsegule pakamwa. Munthu wa fodya akafuna mbewu yabwino amaveka thumba, nanga angaganize chiyani china? Ndinang'amba zitenje zakutha n'kusoka timatumba. Mtengo utatulutsa nkhuyu zatsopano, zobiriwira, zazing'ono ngati nzama, tinaveka gulu lililonse limene dzanja ndi makwerero zinafika, n'kumanga pakamwa kuti ngakhale mphepo ipemphe chilolezo. Amayi opita kukatunga madzi ankaima n'kuseka: "Amake Felesiya, mkuyuwo ukukwatiwa liti? Mutiitane, tidzavine!" Ine ndinkawayankha kuti mkamwini ndi bwana, akonzeke kuperekeza.

Tinadikira. Tsiku lomasula, ndinamva thumba loyamba likulira wayawaya ndisanalitsegule. Nkhuyu zonse zinali zitathothokera m'katimo, zofota, zopepuka ngati chikwa chimene mwini anatulukamo kale. Ndinang'amba imodzi, ina, inanso. Munalibe kachilombo ngakhale kamodzi, koma munalibenso njere ngakhale imodzi. Chikhalirecho kumwamba, kumene makwerero sanafike, nkhuyu zinali zitafufuma, njiwa ndi apusi akuziyendera kuona ngati zapsa.

A Gondwe anazitembenuza m'manja nthawi yaitali. "Zoyera bwino," anatero, "ngati mbale za m'nyumba ya njala." Anafuna kuseka, koma atandiyang'ana kumaso anameza. Fodya anali atayamba kale kupita ku okushoni.

Masana a pansi pa mkuyu

Masiku amenewo sindinkabwerera kunyumba masana. Ndinkagona chagada pansi pa mtengo uja, mutu pa muzu, osaganiza kanthu koongoka. Dzuwa linkadontha m'masamba ngati madzi a m'denga lakutha. Kutali minda yopanda fodya inkanjenjemera ndi kutentha, ndipo nthawi zina ndinkaona Michesi ataima pamenepo, wabuluu, ndikaphethira n'kusungunuka. Mwina ndinkalira, mwina ndinkagona, sindidziwa. Koma munthu wopanda chochita maso ake amayamba kuona.

Ndinagwetsa ndi nsungwi nkhuyu za kumwamba zotsala pang'ono kupsa, n'kuzing'amba pang'onopang'ono pachikhatho. M'kati mwa nkhuyu muli ngati mudzi wa tinyumba tozungulira tothithikana. Oyamba kutuluka m'tinyumbamo anali ofiirira, opinda msana, opanda mapiko, oyenda mopapasa ngati akhungu. Ankayenda khomo ndi khomo, kuboola tinyumba ta anzawo amene anali asanadzuke. Kenako ankasonkhana n'kuyamba kukumba njira yotulukira kunja, ndipo njirayo ikatseguka iwo ankangogwera padzuwa, nyerere zenizeni za pa thunthu n'kuwanyamula. Pambuyo pawo m'pamene ankatuluka akuda, amapiko, mmodzimmodzi, n'kuima pamphepete pang'ono ngati mkazi wokonza duku, kenako n'kukwera m'mwamba ngati fumbi la m'kuwala. Ena anali ndi michira yaitali ngati tsitsi limodzi. Ndipo pakati pa tinyumba tobowokato ndinakhudza tinthu tolimba tokhala ngati mawere. Ndinaluma kamodzi. Inali njere.

Mtengo utatulutsanso nkhuyu zina zazing'ono, sindinaziveke kanthu. M'mawa wina ndinaona akuda aja atabwera, osadziwa kochokera, akuzungulira pa kamchombo ka nkhuyu, kabowo kaja kotsekeka ngati diso la mwana wogona. Mmodzi analowetsa mutu, n'kukankha, n'kukankhabe, mpaka thupi lonse linamira. Koma mapiko sanalowe. Anatsala pakhomo, akunyezimira ngati mamba a usipa. Ndinayang'ana nkhuyu zina, pafupifupi iliyonse inali ndi timapiko pakhomo pake. Ndinakhala pansi pa muzu uja.

Sabata yomweyo kunabwera mlangizi wa zankhalango, mayi wa njinga yamoto, kudzaona nazale yopanda mbande. Sanakalipe. Atamva za timatumba anaseka mpaka kupukuta misozi, a Gondwe n'kuseka nawo, kenako anavula nsapato, n'kukhala nafe pa muzu. Anatulutsa kagalasi kokuza zinthu n'kundipatsa. Mayo ine! Kachilombo kaja kanali ndi nkhope, ndi chiuno, ndi miyendo yaubweya.

"Si nyerere izi, mayi, ndi timavu," anatero. "Maluwa a mkuyu ali m'katimu, n'chifukwa chake simunawaonepo. Wolowayo ndi wamkazi. Amabwera ndi mungu, kaufa ka maluwa a mkuyu wina, m'timatumba ta pachifuwa pake. Duwa lina amaliikira dzira, lina amangolipaka mungu. Loikiridwa dzira limalera mwana wake, lopakidwa mungu limasanduka njere. Amagawana ndi mtengo. Akamaliza amafera momwemo, satulukanso. Opanda mapiko aja ndi ana ake aamuna, amapiko ndi aakazi."

"Nanga amichirawo?" ndinafunsa, pakuti ndinali nditawaona ataima kunja kwa nkhuyu, atapinda msana, akubaya khungu ndi mchira uja.

"Amenewo salowa, sabweretsanso mungu. Amaikira mazira ali panja, ena m'tinyumba ta eni ake, ana awo n'kudya za ana a wolowa uja. Alipo enanso olowera pakhomo ngati eni nyumba, koma chimanjamanja."

"Mavenda!" anafuula a Gondwe akuwomba m'manja. "Osalima, koma fodya ali naye! Ndiye tiwapopere, mankhwala a nsabwe za fodya alipo m'sitolo."

"Mukapopera mupha mlimi ndi venda yemwe. Asiyeni alonda agwire ntchito," anatero mayi uja akuloza nyerere zoyenda pa thunthu. "Izi zimagwira amichira akamabaya, pakuti amachedwa kuzula."

"Koma zimadyanso eni nyumba, ndaziona," ndinatero.

"Enya, alonda a pa esiteti ndithu," anatero a Gondwe. "Amadya kwa onse."

Ine mtima unali pena. Ndinafunsa kuti mkuyu winawo uli kuti, popeza kuno watsala umodzi. Mayi uja anatambasula manja. Anati sadziwa, mwina ku Wimbe, mwina kutsidya kwa malire. Anati moyo wa panja wa akazi amapiko aja ndi tsiku limodzi kapena awiri, koma amakwera pamwamba, mphepo n'kuwanyamula kutali kumene mwendo sungafike, mpaka atamva fungo la mkuyu umene ukudikira. Atapita ndinagonanso pa muzu uja, n'kumaona m'mwamba mwa chigwa chonsechi muli malole osaoneka, odzaza akazi onyamula katundu pachifuwa, aliyense akusuzumira pansi kufuna potsikira.

Ndinatola nkhuyu zakupsa zobowoka, zomwe zija tinkazinyoza, n'kuzifinyira m'beseni, kutsuka, kuyanika pamthunzi. Njerezo ndinazisakaniza ndi phulusa monga tichitira ndi fodya, n'kuwaza pa bedi la nazale, n'kufunditsa udzu. Pamenepo nzeru ya fodya inagwira ntchito yake.

Tsiku la lole

Bedi lili chete, kunafika achimwene anga a Dayisoni, amalume anu, mwinimbumba wathu. Anabwera ndi lole imene inadzatenga matenanti, mphepo yozizira ikuulutsa zinyalala za fodya pabwalo. Sanabwere ndi nkhanza, musawaganizire zoipa. Anabwera kudzatenga mbumba yawo monga mwambo unenera. Atapita kukagwada pamanda a mlamu wawo, anandipeza ku nazale ndikuthirira dothi lopanda kanthu.

"Chemwali, manga katundu. Munda wa amayi ukukudikira, ndakusungira mpaka mango a kumalire. Kuno uli ndi ndani? Mwamuna ali pansi, dothi ndi la eni."

"Ndili ndi ntchito, achimwene."

"Iti? Iyi?" Anaponda m'mphepete mwa bedi. "Ukuthirira phulusa? Bwana wako akakuthamangitsa mwezi wamawa, lole itapita, udzabwera wapansi ndi ana atatu?"

Ankanena zoona. Ndinasuzumira pansi pa udzu m'mawa womwewo, munalibe ngakhale kobiriwira kamodzi. Kunyumba iwe Felesiya unali utamanga kale mabuku ako m'chitenje, utakhala pakhomo, osalira, ukungokanda pansi ndi kamtengo. Ndinawatenga achimwene kupita nawo kudambo, n'kuthyola nkhuyu yaiwisi, n'kuwaonetsa timapiko pa kamchombo. Ndinawafotokozera zonse monga ndakufotokozeranimu. Anamvetsera atapendeketsa mutu.

"Ndiye ukundiuza kuti iweyo ndiwe kachilombo?"

"Ndikukuuzani kuti wolowa satuluka. Otuluka ndi ana."

"Ha! Mapiko athothoka, chemwali?"

"Athothoka, achimwene. Sindinawamve pothothoka, koma athothoka."

"Nanga ine amene ndayenda ulendo wonsewu ndine uti pamenepa? Wamchira uja?"

"Inu ndinu mlonda. Mumadya kwa onse."

Sanaseke. Anaponya nkhuyu ija m'madzi, n'kunena kuti amayi akadzafunsa ndidzawayankhe ndekha. Dalaivala analiza hutala. Ndinaima pamsewu ndi inu atatu, anzathu amene tinkasoka nawo fodya akukweza mapoto ndi mphasa, ena akundikodola kuti malo alipo. Miyendo yanga inkafuna kuthamanga, ndikunena zoona. Ndinagwira phewa lako, Felesiya, kuti ndisagwe, iwe n'kumayesa kuti ndikukulimbitsa mtima. Lole itayamba kuyenda, achimwene anaponya kathumba pansi osandiyang'ana. Munali nandolo wa kwathu, wambewu. Fumbi linakwera, linakwera, kenako chigwa chinatseka pakamwa pake.

Masiku otsatira sindiwakumbukira bwino, anali ngati oyenda m'madzi. Ndinkathirira, kugona pa muzu, kuthirira. A Gondwe ankadutsa osafunsa kanthu, n'kungosiya chinangwa chowotcha pa wilibala. Ndiye m'mawa wina ndinakweza udzu monga mwa masiku onse, n'kuona ngati wina wawaza ufa wobiriwira pa bedi lonse. Timasamba tiwiritiwiri, tating'ono ngati maso a singano. Ndinaitana a Gondwe. Anagwada, munthu wamtali uja, mphuno pafupi ndi dothi, n'kuvula chipewa.

"Monire mose," anapereka moni kwa timbande tija, ngati alendo ofika kumene.

Zaka zotsatira, mpaka lero

Nazale inakhala, nyumba inakhala. Mapepala a shuga anatha, machubu anabwera, anasowanso, anabweranso. Mabwana anasinthana, wina wokonda mitengo, wina wofuna kulima mpaka m'madzi, amene ndinkamuthawa pomuona. Zaka zina ananditumiza ku nazale ya kufupi ndi Mtunthama kukaphunzitsa anzanga, ndipo kulikonse ndinkayamba ndi mawu amodzi: mkuyu musauveke thumba, musaupopere, ndipo musausiye wokha. Iwe Felesiya unakhoza mayeso, unakwera basi, ndinakuona ukukonza kolala ya diresi pakhomo la basiyo usanalowe. Yohane ndi Matiyasi anatsatira njira zawo. Ku Phalombe ndinapitako pa maliro a amayi ndi a achimwene. Michesi anandiyang'ana ngati mlendo waulemu, ndipo ndinkadzuka ndikufunafuna thambo lija lofika pansi. Msana utakana kheni, anthu a mudzi woyandikana ndi esiteti anandipatsa kamalo kano, pamene nandolo wa achimwene akuberekabe chaka ndi chaka.

Dzulo, musanayambe zolembazi, munandiperekeza kukamtsinje. Mwaiona mikuyu ija, mizere iwiri, mithunzi yake itagwirana pamwamba pa madzi, amayi akuchapa m'mwezi umene kale munkakhala mchenga wokhawokha. Mayi wawo wakudambo anagwa ndi mphepo zaka zapitazo, koma alendo sanasowe potsikira. Ndinakuthyolera nkhuyu yaiwisi, Felesiya, iwe n'kuvala magalasi ako, ndipo unaona wekha timapiko pakhomo. Unafunsa kuti ameneyu wachokera kuti, ndinati sindidziwa, ndipo ngakhale iye sakukumbukanso, ali kalikiliki m'katimo.

Tsono lemba ichi mokulitsa, alongo ako akawerenge bwino. Musadzavutike ndi kufuna galimoto ya ku Phalombe. Mudzandigoneke kumanda a alendo, kuseri kwa zigafa, pambali pa bambo anu. Ine ndinalowa kalekale, mapiko anga ali pakhomo. Inu ndinu amene munatuluka.